Mawu a Chingerezi amene amaulula kuti mzinda unali wa yani

Usiku wa pa 30 Juni 1997 ku Hong Kong kunagwa mvula yosakata. Nthawi itatsala pang'ono kukwana 12 koloko mbendera ya Britain inatsitsidwa, ndipo tsiku litangosintha ya China inakwezedwa. Chris Patten, bwanamkubwa wotsiriza wa Angerezi mumzindawo, anakwera chombo cha Britannia pamodzi ndi Prince Charles n'kumapita. Chochitikacho chinali chimodzi, koma m'Chingerezi chili ndi mayina angapo. Nyuzipepala za ku London zimati handover, ndiko kupereka chinthu m'manja mwa wina. Akuluakulu a ku Beijing amakonda return kapena reunification, ngati mwana amene anasochera ndipo wabwerera pakhomo. M'pangano limene mayiko awiriwa anasainirana mu 1984, mbali ya China inalemba mawu akuti "resume the exercise of sovereignty", kutanthauza kuyambiranso kugwiritsa ntchito ulamuliro. Liwu lakuti resume silinalowemo mwangozi. Munthu amayambiranso chinthu chimene chinali chake kale, ndipo boma la ku Beijing silinavomerepo kuti mapangano amene China analandidwira malowo anali achilungamo.

Apa ndi pamene wophunzira Chingerezi amapunthwa akayamba kuwerenga za ndale ndi chuma cha mizinda imene inali m'manja mwa atsamunda. M'Chichewa tikangoti "nthawi ya atsamunda" tamaliza, zonse zalowa m'thumba limodzi. Chingerezi chili ndi mawu ambirimbiri pa nkhani yomweyi, ndipo dikishonale yaing'ono imawaika ngati ofanana pamene sali ofanana. Ambiri anabadwira m'maofesi a maloya ndi a makampani a zamalonda, ndipo lililonse limayankha mafunso enieni: nthakayi ndi ya yani, kwa zaka zingati, msonkho akutolera ndani, wolakwa akaweruzidwa kukhoti la yani. Mukawaloweza pamndandanda, sabata sitha musanawaiwale. Amakhazikika m'mutu mukawamangirira ku mzinda winawake ndi chaka chake.

Tiyambire ku Hong Kong komweko, chifukwa Angerezi anatenga derali m'zidutswa zitatu. Chilumba cha Hong Kong anachilandira mu 1842 kudzera m'pangano la Nanking, nkhondo yoyamba ya opiyamu itatha. Mu 1860 anawonjezerapo Kowloon, tsidya lina la doko. Pa zidutswa ziwirizi mabuku amagwiritsa ntchito mneni wakuti cede, amene dzina lake ndi cession: kusiyira dziko lina nthaka mpaka kalekale. Chidutswa chachitatu, chotchedwa New Territories, chinabwera mu 1898 mwa njira ina, ya lease, imene timati lizi, ndipo chinali chobwereka kwa zaka 99. Werengerani nokha. Chaka cha 1997 sanachisankhe Margaret Thatcher kapena Deng Xiaoping, atsogoleri a Britain ndi China pa nthawi ya pangano la 1984. Chinalembedwa onse awiri asanabadwe. Ndipo poti malo a liziwo ndiwo anali mbali yaikulu kwambiri ya dera lonse, kumenenso kunali madamu ambiri a madzi ndi matauni atsopano, kunali kosatheka kubweza zobwerekazo n'kutsala ndi kachilumba ndi kachigawo ka tsidya. Amene wamva kusiyana kwa cede ndi lease wamva theka la nkhani ya Hong Kong.

Mizinda ina inasinthana manja m'njira zoseketsa. Mu 1661 Apwitikizi anapereka zilumba za Bombay kwa mfumu Charles II ya ku England ngati mbali ya chuma chimene mkazi wake, Catherine wa ku Braganza, anapita nacho kuukwati. Liwu lake ndi dowry, ndipo musalisokoneze ndi bride price, pakuti dowry imachokera kuchikazi. Mfumuyo sinaone phindu pa zilumbazo, choncho mu 1668 inazibwereketsa ku East India Company pa lendi ya mapaundi 10 pachaka. Mzinda umene lero ndi Mumbai, mtima wa chuma cha India, unayamba choncho.

Kampani imeneyi itikumbutse kuti si nthawi zonse pamene boma ndilo linkayamba kufika. Kawirikawiri kunkatsogola chartered company, kampani yokhala ndi charter, kalata ya mfumu yoilola kuchita malonda, kusunga asilikali, kutolera msonkho ngakhale kuweruza milandu. Stamford Raffles atafika ku Singapore mu 1819 anali wantchito wa East India Company. Salisbury, amene lero ndi Harare, anakhazikitsidwa mu 1890 ndi anthu a British South Africa Company ya Cecil Rhodes. Choncho mukawerenga kuti Singapore anasanduka Crown colony mu 1867, sizikutanthauza kuti ndiye Angerezi anafika. Zikutanthauza kuti mzindawo unayamba kulamulidwa mwachindunji ndi ofesi ya ku London yoona za madera a atsamunda. Crown pano si chisoti chovala kumutu koma boma m'dzina la mfumu.

Liwu lakuti colony likuchokera ku Chilatini, ku mawu onena za kulima ndi kukhazikika pamalo. M'malamulo a Britain, colony inali nthaka ya mfumu ndipo obadwiramo anali British subjects. Protectorate, pamapepala, linali dziko la eni ake limene Britain akungoliteteza, ndipo anthu ake anali British protected persons. Kenya ikuonetsa bwino kusiyanaku. Mu 1920 dera la kumtunda, kumene kuli Nairobi, linatchedwa colony, koma kamzere ka m'mbali mwa nyanja, mamailosi 10 m'lifupi, kuphatikizapo Mombasa, kanakhala protectorate chifukwa kankawerengedwa kuti ndi ka Sultan wa ku Zanzibar. N'chifukwa chake dzina lonse linali Colony and Protectorate of Kenya. Ku Nigeria n'chimodzimodzi: Lagos anakhala colony Angerezi atamutenga mu 1861, madera ena anali protectorate, ndipo Frederick Lugard anawalumikiza mu 1914. Kulumikizako Anaijeriya mpaka lero amakutchula ndi liwu limodzi, amalgamation. Dar es Salaam anali mtundu wachitatu. Ajeremani atagonja pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, Tanganyika anapatsidwa kwa Britain ngati mandate ya bungwe la League of Nations, ndipo mu 1946 anakhala trust territory pansi pa United Nations. Woyang'anira ankayenera kupereka malipoti chaka ndi chaka, ngati wosunga chuma cha ana amasiye.

Kodi wosenza katundu padoko la Mombasa ankamva kuti watetezedwa kuposa mnzake wa ku Nairobi? Ndikukayika. Msonkho unali msonkho, chikoti chinali chikoti. Koma pa nkhani za malo, za pasipoti ndi za zokambirana za ufulu, mayinawa ankalemera, ndipo wolemba mbiri wosamala sawasakaniza.

Ndiye pali Shanghai, mzinda umene sunakhalepo colony ya wina aliyense koma unkaoneka wachitsamunda kuposa ena onse. Unali treaty port, limodzi mwa madoko asanu amene pangano la 1842 linakakamiza China kutsekulira amalonda akunja. M'kati mwake munali French Concession ndi International Settlement, zigawo zimene alendo ankadziyendetsera okha, ndi apolisi awoawo. Liwu lalitali limene limaopseza ophunzira, extraterritoriality, tanthauzo lake n'losavuta: Mngerezi akalakwa ku Shanghai ankaweruzidwa ndi khoti la Angerezi potsata malamulo a kwawo, ngati kuti sanachoke ku London. Britain ndi America anasiya ufulu umenewu mu 1943. Koma samalani ndi concession, pakuti ndi liwu la nkhope zambiri. Kampani ikapatsidwa malo okumba miyala kapena mafuta, imeneyo ndi concession. Pokambirana, mbali ina ikafewetsa mtima n'kulolera pang'ono, ndi concession. Wandale akavomera kuti wagonja pachisankho amalankhula concession speech. Muzu wake ndi umodzi, kulolera, ndipo funso lothandiza powerenga ndi lakuti: walolera ndani, ndipo analolera mwakufuna kwake?

Pa zachuma, liwu loyamba kuligwira ndi entrepôt, lobwereka ku Chifalansa, lotchulidwa ngati "ontrepo". Ndi doko limene katundu amafikira, kusungidwa, kusankhidwa n'kutumizidwanso kwina. Singapore analibe migodi kapena minda ikuluikulu. Raffles anangolamula kuti likhale free port, doko losalipiritsa msonkho pa katundu wolowa ndi wotuluka, ndipo zombo zinayamba kuthawa madoko a Adatchi. Pambuyo pake labala ndi chitsulo cha tin zochokera ku Malaya zinkadutsira pomwepo. Mawu oyenda limodzi ndi entrepôt ndi re-export, kugulitsanso kunja zimene munagula kunja, ndi hinterland, lochokera ku Chijeremani, kutanthauza dera la kumbuyo kwa doko limene limalidyetsa katundu ndi kugula zotsika m'zombo.

Moyo wodalira odutsa ndi wagalasi. Aden, kum'mwera kwa Arabia, anali amodzi mwa madoko otanganidwa kwambiri padziko chifukwa zombo zodutsa ngalande ya Suez zinkamwera mafuta pamenepo. Mu 1967 ngalandeyo inatsekedwa chifukwa cha nkhondo, Angerezi anachoka chaka chomwecho, ndipo pamene inkatsekulidwanso mu 1975 dokolo linali litafota. Hong Kong naye anakumana nazo mu 1951, United Nations itaika embargo pa katundu wina wopita ku China chifukwa cha nkhondo ya ku Korea. Embargo ndi kuletsa malonda. Tariff ndi msonkho chabe wa pa katundu, malonda n'kumapitirira. Sanctions ndi dzina lalikulu la zilango za zachuma, embargo n'kukhala chimodzi mwa izo. Chinapulumutsa Hong Kong ndi eni mafakitale a nsalu amene anathawa ku Shanghai ndi makina ndi ndalama zawo, komanso chikhamu cha othawa kwawo amene ankagwira ntchito pa malipiro ochepa.

Mukapeza factory m'buku lonena za zaka za m'ma 1600 kapena 1700, musaganize za makina ndi utsi. Panthawiyo inali nyumba ya malonda ndi yosungiramo katundu, yoyang'aniridwa ndi factor, nthumwi ya kampani. Madras ndi Calcutta anakula kuchokera ku malo oterowo. Winanso ndi comprador, liwu la Chipwitikizi lotanthauza wogula. M'madoko a ku China anali munthu wa komweko amene ankaima pakati pa kampani yakunja ndi amalonda a m'dzikomo: womasulira, wopeza makasitomala, woikira kumbuyo ngongole. Ena analemera kuposa mabwana awo. Lero liwuli ndi chitonzo. Wolemba akati comprador class kapena comprador elite akunena akuluakulu amene amadya podyetsa alendo chuma cha dziko lawo, ndipo mwadziwa kale mbali imene waima.

Pali nkhani imene ndimaona kuti mabuku ophunzitsa mawu amailumpha, pamene ndiyo imamasula zambiri: malo. Freehold ndi malo ako mpaka kalekale. Leasehold ndi malo a lizi. Ku Hong Kong pafupifupi nthaka yonse ndi ya boma ndipo anthu amangogula lizi. Malo odziwika kuti ndi freehold ndi amene pali tchalitchi cha St John's Cathedral basi. Boma likagulitsa lizi yatsopano, kapena kulola kuti pamene panali fakitale pamangidwe nyumba zogona, limalandira ndalama yotchedwa land premium, ndipo kwa zaka zambiri ndalama imeneyi yakhala mbali yaikulu ya chuma cha boma. Ndiye mukamva mzindawu ukutamandidwa kuti ndi wa msonkho wotsika, wa laissez-faire, mawu a Chifalansa otanthauza "alekeni achite", kumbukirani kuti wokhala m'kachipinda kodula amalipira boma kudzera mu lendi ngakhale pepala la msonkho litaoneka lopepuka. John Cowperthwaite, amene anayang'anira zachuma kuyambira 1961 mpaka 1971, ndiye amatchuka ndi kusalowerera m'malonda, ndipo womutsatira Philip Haddon-Cave ndiye anatchukitsa mawu akuti positive non-interventionism, ndiko kusalowerera kochita dala. Ndi mawu odzitsutsa okha, ndipo mwina n'chifukwa chake anakhalitsa.

Singapore anatenga chida chomwecho n'kuchigwiritsa ntchito mwamphamvu. Lamulo la 1966 linapatsa boma mphamvu yogula malo mokakamiza, chimene Chingerezi cha malamulo chimati compulsory acquisition. Lero anthu pafupifupi asanu ndi atatu mwa khumi alionse amakhala m'nyumba zomangidwa ndi bungwe la boma la Housing and Development Board, ndipo ambiri anazigula pa lizi ya zaka 99. Choncho public housing kumeneko sikutanthauza nyumba za osauka monga ku America. Bomalo limaikanso chuma chake m'makampani a padziko lonse kudzera mu Temasek, yokhazikitsidwa mu 1974, ndi GIC, ya mu 1981. Thumba lotere limatchedwa sovereign wealth fund, ndipo sovereign pano ndi m'bale wa sovereignty tinakumana naye poyamba paja.

Gwirani m'manja ndalama yapepala ya madola 100 a ku Hong Kong. Pamwamba sipanalembedwe dzina la banki yaikulu ya boma, koma HSBC, kapena Standard Chartered, kapena Bank of China. Mabanki atatuwa amaloledwa kutulutsa ndalama pokhapokha atasungitsa ku boma madola a ku America ofanana nazo. Dongosolo limeneli ndi currency board, ndipo ndi cholowa chenicheni cha atsamunda: kumadzulo kwa Africa kunali bungwe lotere kuyambira 1912, kum'mawa kwa Africa kuyambira 1919, ndipo ntchito yake inali kuonetsetsa kuti ndalama ya kumaderako ili ndi mapaundi kumbuyo kwake ku London. Mayiko ambiri atalandira ufulu anathetsa mabungwewa n'kutsekula mabanki aakulu awoawo. Hong Kong anabwerera ku dongosololi mu Okutobala 1983, anthu atachita mantha ndi zokambirana za 1997 mpaka ndalama yawo kugwa. Anaimangirira pa madola 7.8 pa dola imodzi ya ku America, ndipo ili pompo mpaka lero, kungoti kuyambira 2005 imaloledwa kusewera pakati pa 7.75 ndi 7.85. Kumangirirako ndi peg, liwu limene tanthauzo lake loyamba ndi chikhomo. Boma likatsitsa dala mtengo wa ndalama yomangiriridwa, ndi devaluation. Ikatsika yokha pamsika, ndi depreciation. Atolankhani amasakaniza mawu awiriwa, koma inu musatero pamayeso.

Mawu ena ali pa mapu. Ku India mudzapeza cantonment, kumene kunkakhala asilikali, ndi civil lines, kwa akuluakulu a boma. Ku Nigeria kuli GRA, chidule cha Government Reserved Area, ndipo Ikoyi ku Lagos anayamba ngati dera la azungu okha. Kum'mwera kwa Africa location ndi township zinali madera a antchito akuda, kutali ndi pakati pa tauni koma pafupi mokwanira kuti afike kuntchito m'mamawa. Township yomweyo ku America ndi kachigawo chabe ka boma laling'ono, kopanda mbiri ya tsankho. Njanji zambiri zinkachoka kumgodi kapena kuminda n'kulunjika kudoko, osalumikiza matauni a m'kati, ndipo akatswiri amati chuma chotere ndi extractive economy. Zotsatira zake ndi primate city, mzinda umodzi waukulu kwambiri kuposa wachiwiri wake. Primate pano sakunena anyani koma woyamba. Nigeria inasamutsira likulu ku Abuja mu 1991, koma malonda anakana kusamuka ku Lagos. Ndipo unyinji umene unathamangira m'mizindayi n'kusowa ntchito zolembedwa ndiwo unabala mawu akuti informal sector, amene anatchuka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kuchokera ku kafukufuku wa Keith Hart mumzinda wa Accra.

Za kutha kwa utsamunda zili ndi makwerero ake, ndipo Singapore anaponda onse. Mu 1959 analandira self-government, kudzilamulira pa za m'kati pamene chitetezo ndi za kunja zili ndi Britain. Mu 1963 panali merger, kulowa mu Malaysia. Pa 9 Ogasiti 1965 panabwera separation ndi independence, ufulu wathunthu umene nduna yaikulu Lee Kuan Yew anaulengeza misozi ili m'maso. Hong Kong ndi Macau, amene Apwitikizi anamupereka kwa China pa 20 Disembala 1999, sanaponde makwerero amenewa. Mu 1972 China anapempha kuti madera awiriwa achotsedwe pa mndandanda wa United Nations wa madera oyembekezera kudzisankhira tsogolo, ndipo anachotsedwadi. Njira ya self-determination inatsekeka pamenepo. Chimene analonjezedwa ndi "a high degree of autonomy", ufulu wodziyendetsera waukulu ndithu koma wopatsidwa ndi mwini dziko. N'chifukwa chake dera lililonse mwa awiriwa ndi Special Administrative Region, mtsogoleri wake ndi Chief Executive osati pulezidenti, ndipo lamulo lalikulu ndi Basic Law. M'nyumba ya malamulo ya Hong Kong muli mipando ya functional constituencies, imene aphungu ake amaimira magulu a ntchito monga mabanki, maloya ndi a inshulansi m'malo moimira dera. Dongosololi analiyambitsa Angerezi mu 1985, ndipo China analisunga.

Mukafika pa mawu a mikangano, yang'anani amene wagwira cholembera. Asilikali a India atalowa ku Goa, dera limene linali m'manja mwa Apwitikizi, mu Disembala 1961, Amwenye anati liberation, kumasula, Apwitikizi anati invasion, kulowa m'dziko la eni mwankhondo, olemba ofuna kuima pakati amati annexation, kuphatikiza dera ku dziko lako. Za mu 2019 ku Hong Kong ena amati protests, boma limati riots, ndipo kusiyanako si kwa kalembedwe chabe, chifukwa mlandu wa rioting kumeneko ungamangitse munthu mpaka zaka 10. Ngakhale dzina la mzinda limalankhula. Wolemba mbiri amati Léopoldville akamanena za 1950 ndipo amati Kinshasa akamanena za pambuyo pa 1966. Lourenço Marques anakhala Maputo mu 1976. Koma amene akunenabe Salisbury pokamba za Harare wa lero, sikuti waiwala.

Lonjezo lakuti Hong Kong asunga dongosolo lake linali la zaka 50, kutanthauza mpaka 2047, ndipo malizi ambiri a malo amathera chaka chomwecho. Mabanki obwereketsa ndalama zogulira nyumba kwa zaka 25 kapena 30 ndiwo anayamba kufunsa, monganso anafunsira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 poona 1997 ikuyandikira. Mu 2024 boma la mzindawo linakhazikitsa lamulo lolola kuti malizi ambiri otere aziwonjezeredwa zaka zina 50 popanda kulipira premium yatsopano, koma lendi ya pachaka yokha. Liwu limene linadzaza nyuzipepala panthawiyo linali extension.